Mlandu Suola: Cilolezo Cowolokera Malire a Canada ndi Amereka

Akuluakulu athu anati mlandu suola. Mau amenewa tinazolowera kuwamva pa bwalo la anyakwawa, koma amagwiranso nchito pa malire a dziko la Canada ndi la Amereka, amene kutalika kwake ndi makilomita 8,891. Nzika ya Canada ikafuna kukaceza ku Amereka siifunikira viza. Pasipoti yokha ndi yokwanira. Koma munthu amene khoti linam'pezapo wolakwa, ngakhale zaka 30 zapitazo, angathe kubwezedwa pa cipata ana ake akuona. Popeza ena mwa ana athu anakhazikika ku Toronto, ku Calgary ndi kwina, natenga unzika wa kumeneko, nkhaniyi itikhudza nafenso.

Amene amaletsedwa ndani?

Lamulo la Amereka loyang'anira za olowa m'dziko, lochedwa Immigration and Nationality Act, linakhazikitsidwa mu 1952. Limaletsa kulowa munthu amene anapalamula mlandu woonetsa khalidwe loipa, monga kuba, cinyengo, kapena kuvulaza mnzake mwadala, ndiponso amene anagwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo. Pali cifundo pang'ono kwa wa mlandu umodzi wokha waung'ono, ngati cilango cacikulu ca mlanduwo sicipitirira caka cimodzi ndipo iye sanalamulidwe kukhala m'ndende koposa miyezi 6. Cifundo cimeneci sicifika pa milandu ya mankhwala. Dziko la Canada linaloleza camba pa 17 October 2018, koma pa malire lamulo limene limagwira nchito ndi la boma lalikulu la Amereka, ndipo mlandu wakale wa camba ukali kutseka cipata.

Ambiri amadabwa pa mfundo iyi: Canada ili ndi njira yokhululukira anthu amene anasintha. Kuyambira mu 2012, munthu amayembekezera zaka 5 kapena 10 atatsiriza cilango, malinga ndi kukula kwa mlandu, kenaka napempha kuti mbiri yake ipatulidwe pa zolembedwa za apolisi. Koma Amereka savomereza cikhululukiro cimeneci. Maiko awiriwa amaonetsana zolembedwa za apolisi, ndipo dzina likangolowa m'makompyuta a tsidya linalo, limakhala momwemo.

Khomo laling'ono

Lamulo lomwelo linasiya khomo laling'ono pa ndime 212(d)(3). Munthu woletsedwa angathe kupempha cilolezo capadera colowera kwa kanthawi polemba fomu yochedwa I-192. Pempholi limaweruzidwa ndi ofesi ya Admissibility Review Office, nthambi ya bungwe loyang'anira malire la Customs and Border Protection. Kuyambira mu 2019 fomuyi imatumizidwanso pa intaneti kudzera m'njira ya e-SAFE, ngakhale kuti wopemphayo ayenerabe kukaonekera yekha pa cipata kuti atengedwe cithunzi ndi zidindo za zala. Mu 2024 malipiro ake anakwera kufika pa madola 1,100, ndipo ndalamazi sizibwezedwa pempho likakanidwa.

Oweruza pempholi amatsata mfundo zitatu zimene zinaikidwa mu 1978 pa mlandu wa Hranka. Amafunsa kuti: kodi munthuyu akalowa angavulaze anthu? Kodi mlandu wake unali waukulu motani? Nanga afuna kukacita ciani? Cigamulo comweco cinanenanso kuti cifukwa ca ulendo siciyenera kukhala cacikulu koposa. Kukaona abale kapena kukaceza cabe ndi zifukwa zomveka.

Cilolezo cimatha

Apa ndi pamene pagona nkhani. Cilolezoci sicifafaniza mlandu ai. Cili ngati khasu lobwereka, limene mwini wake amaliitanitsa nyengo ikatha. Nthawi yake siipitirira zaka 5, ndipo ena amapatsidwa caka cimodzi cabe. Tsiku lolembedwa pa kalatayo likapita, munthu amabwerera pamene anali poyamba: woletsedwa.

Ngakhale anthu amati "kuwonjezera masiku", kunena zoona palibe fomu yaifupi ya amene anavomerezedwapo kale. Munthu amayambanso pa ciyambi. Amatengedwanso zidindo za zala kuti apolisi a Royal Canadian Mounted Police apereke mbiri yake yatsopano, imene siiyenera kupitirira miyezi 15 pa tsiku lopereka pempho. Amasonkhanitsanso zikalata za khoti za mlandu uliwonse, umboni wa unzika wake, ndi kalata yolemba yekha yofotokoza zimene zinacitika ndi mmene wasinthira. Makalata a om'lemba nchito kapena a anthu odalirika omudziwa amathandiza. Amalipiranso ndalama zonse, nayembekezera yankho, limene limatenga miyezi ingapo.

Tiyerekeze dalaivala wa lole amene tsiku ndi tsiku amanyamula katundu pa mlatho wa Ambassador, kucokera ku Windsor kupita ku Detroit. Anaba ali mnyamata, analangidwa, ndipo kwa zaka 20 sanapondenso m'khoti. Akaiwala tsiku lothera cilolezo cake, lole imaima, malipiro amaima, ndipo ana pakhomo amamva njala cifukwa ca cinthu cimene cinacitika iwo asanabadwe. Tiyerekezenso mai amene mwana wake anakwatiwa ku Buffalo, kungowoloka mtsinje wa Niagara. Cakudza siciimba ng'oma: matenda ndi maliro sizifunsa ngati mapepala ali bwino. Wocenjera amalemba tsikulo pa kalendala, nayamba kukonza pempho latsopano kukali miyezi yambiri.

Msampha wa bodza

Cilolezo cikatha, ena amayesa mwai, poganiza kuti wa pa cipata sadzafunsa. Akafunsidwa, amakana. Uku ndiko kudzikumbira dzenje, pakuti kunama pofuna kulowa m'dziko ndi cifukwa cina coletsera munthu, ndipo ciletso cake ndi ca moyo wonse. Amene anali ndi mfundo imodzi yomasula amapezeka ali nazo ziwiri. Tikumbukirenso kuti kalatayi si cilolezo ca nchito kapena cokhalira m'dziko, ndipo wa pa cipata akali ndi mphamvu yofunsa ndi yobweza.

Nanga ife a pasipoti ya Zambia? Lamulo ndi lomwelo, koma khomo ndi lina. Timayamba kupempha viza ku ofesi ya kazembe wa Amereka ku Lusaka, ndipo ngati pali mlandu wakale, mkulu wofunsa mafunso ndiye angatumize pempho la cilolezo ku ofesi ija. Kumenekonso coona ndico cimathandiza.

Tinganene kuti ndi cinthu cowawa kuti munthu amene anatsiriza cilango cake azifotokozanso colakwa ca unyamata zaka zisanu zilizonse. N'zoona. Koma pempho latsopano lililonse limanyamula zaka zina za khalidwe labwino ndi maulendo amene anatha popanda vuto, ndipo umenewo ndi umboni umene loya sangaugule. Kwa makolo, tiuze ana athu akali pakhomo kuti dzina lolembedwa m'buku la apolisi limayenda mtunda wautali kuposa mwini wake. Kwa amene analakwa kale, tinene kuti khomo lilipo, koma aligogode cilolezo cakale cisanathe.