Khadi la ku Sikelo ndi Njira Yace

Madzulo ano ndifuna kuceza nanu za pepala limene limapezeka m'nyumba zambiri mmene muli mwana wamng'ono, kaya ndi ku Dedza, kaya ndi ku Chipata. Ena amalisunga m'sutikesi pamodzi ndi kalata ya ubatizo, ena amalitsomeka ku denga kumene ciswe cimalipeza. Ndiri kunena khadi la ku sikelo.

Poyamba tione mmene nkhani imafikira pa mudzi. Ku Malawi mau a boma amatsika ngati pa makwerero: acoka kwa mfumu yaikulu, afika kwa gulupu, kenaka kwa nyakwawa, ndipo nyakwawa ituma mnyamata kuti akafuule madzulo, anthu atabwera ku minda, kuti mawa kuli sikelo pansi pa kacere. Pambali pa mafumu pali mlangizi wa za umoyo, amene amakhala pakati pa anthu omwewo. Nchito yace inayamba ndi anthu otemera nthomba m'zaka za m'ma 1960, ndi ena amene analembedwa pa mliri wa kolera wa 1973. Boma limafuna kuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, ngakhale m'madera ambiri amayang'anira oposa pamenepo. Palinso komiti ya za umoyo ya pa mudzi, ndiponso mipingo ndi mizikiti imene imalengeza masiku. Zonsezi ndi zabwino, koma mau a pakamwa sakhalitsa. Amene anali ku maliro tsiku lija sanamve, ndipo mlangizi akasamutsidwa, zimene anadziwa za mwana wanu zimapita naye. Cimene cimatsala m'nyumba ndi khadi.

Khadili linacokera kuti? M'caka ca 1956 dotolo wa ana wa ku England, Dr. David Morley, anapita ku Nigeria kukagwira nchito pa cipatala ca mishoni ca Wesley Guild m'tauni ya Ilesha. Pa mudzi wina wochedwa Imesi-Ile anayamba kuyesa ana mwezi ndi mwezi, ndipo anaona cinthu cimene agogo athu acidziwa bwino, kuti mwana sagwa tsiku limodzi. Asanatupe, tsitsi lisanayambe kufiira ndi kunyonyoka, mwana amayamba waleka kuonjezera thupi kwa miyezi ingapo, makamaka pamene wasiya kuyamwa kapena wadwala cikuku. Mai amene amam'bereka tsiku ndi tsiku sangaone msanga kusinthaku, koma sikelo imaona. Cobvuta cinali ici: manambala olembedwa m'buku la cipatala sanali kuthandiza mai amene amaphika phala.

Tsono Morley anakonza khadi limene analicha njira ya ku moyo wabwino, ndipo nzeru yace iri m'makonzedwe. Taonani m'munsi mwa khadi. M'kabokosi koyamba amalemba mwezi umene mwana anabadwa, m'kaciwiri mwezi wotsatira, ndi kumapita cotero. Motero woyesa sabvutika kuwerengera msinkhu wa mwana pa zala, kumene anthu ambiri amalakwa; angopeza mwezi wa lero, nakwera m'mwamba kufikira pa makilogalamu amene sikelo yaonetsa, naika kadontho. Pakati pa khadi panajambulidwa mizere iwiri yokwera ngati mseu wopita ku phiri. Timadontho tikalumikizidwa timapanga mzere wa mwanayo, ndipo munthu amene sanapite ku sukulu angathe kuona kumene uli kuloza. Ukamakwera, mwana ali kukula. Ukagona cammbali miyezi iwiri kapena itatu, pali cina cimene calakwika. Ukatsika, musadikire mwezi wa mawa. Ndipo mvetsani ici, pakuti ambiri amasokonezeka: mwana wocepa thupi amene mzere wace ukukwera ali bwino kuposa mwana wonenepa amene mzere wace wayamba kutsika.

Cinthu cacikuru koposa, monga ndionera ine, ndi cakuti khadi linapatsidwa kwa mai, m'kathumba ka pulasitiki, osati kutsekeredwa m'kabati ya cipatala. Mai akapita kwao kukakolola, kapena banja likasamukira ku Lilongwe, mbiri ya mwana imapita nao: katemera amene walandira, matenda amene anadwala, ndi zifukwa zomusamalira mwapadera, monga kukhala mapasa kapena wamasiye. Maiko ambiri anatengera nzeruyi, ndipo ku South Africa kabuku ka mwana kamachedwabe Road to Health. Mizere ya pa makhadi ambiri a masiku ano inacokera ku miyeso imene bungwe la World Health Organization linatulutsa m'caka ca 2006, litayesa ana oyamwitsidwa a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi United States. Anyamata ali ndi mizere yao, atsikana yao.

Koma tisaname kuti pepala limalankhula lokha. Pa tsiku la sikelo amai amafika ambiri, dzuwa liri pamutu, ana ali kulira m'kabudula wopacikidwa ku mtengo, ndipo woyesa amaika kadontho mofulumira ndi kuitana wina. Mai abwerera kwao osadziwa cimene calembedwa. Morley mwini anaona bvuto limeneli, ndipo pambuyo pace anathandiza kukonza sikelo imene mai amalemba yekha kadontho pa khadi pamene mwana wace ali lende. Enanso anafupikitsa nkhaniyo ndi mitundu: kalamba koyesera mkono, kamene kanayamba m'zaka za m'ma 1970. Kwa mwana wa miyezi 6 kufikira 59, mkono wosafika masentimita 11.5 umagwa pofiira, wa pakati pa 11.5 ndi 12.5 pacikasu, woposa pamenepo pobiriwira. Kalambaka mai angathe kukasunga yekha, ndipo safunika kudziwa kuwerenga.

Apa ndi pamene anthu a komiti ndi anyakwawa ali ndi gawo lao, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zapepuka ndipo amai ali ku munda tsiku lonse. Nyakwawa ingathe kupempha kuti mlangizi, asanayambe kuyesa, atenge khadi limodzi ndi kulongosola mizere pamaso pa onse, abambo ali pomwepo. Inunso amai, musacite manyazi kufunsa kuti, “Kodi mzere wa mwana wanga waloza kuti mwezi uno?”

Pomariza pali cenjezo limodzi limene khadi silingakuuzeni. Mwana akayamba kutupa, madzi a m'thupi amamulemeretsa, ndipo kadontho kangathe kukwera pamene mwanayo ali kudwala kwambiri. Dinikizani cala cacikuru pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge pang'onopang'ono kufikira katatu, ndi kucotsa. Mukaona kuti patsala kadzenje pa phazi liri lonse, pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo, khadi liri m'manja.