Kusankha Pampu ya Petulo ya Galimoto ya M'thengo

Inu eni magalimoto a ku Kafue, amene mumasiya mseu wa tala ndi kutsikira ku madambo a Kafue Flats kukanyamula nsomba, tamverani za pampu ya magetsi imene amakaniko amalumikiza pa paipi pakati pa thanki ndi injini.

Ambiri pogula amafunsa mtengo wokha, koma coyamba kufunsa ndico mphamvu yace yokankhira petulo. Kabureta, monga wa Land Rover yakale, afuna mphamvu yocepa, pafupi psi 3 kapena 4. Injini ya fuel injection ifuna psi 40 kapena kuposa. Mukaika pampu yamphamvu pa kabureta, kasingano kotseka petulo kamagonja, petulo nasefukira pa injini yotentha, ndipo moto ungabuke muli kutali ndi cithandizo. Mukaika yofooka pa injection, galimoto idzatsamwa pamene matope afuna mphamvu yonse.

Pampu yotere imakankha bwino koposa kukoka. Cifukwa cace muimange pafupi ndi thanki, camunsi pang'ono, ndipo petulo ayambe wapyola pa sefa asanafike m'pampumo. Komabe isalendewere pansi pa cimango, pakuti njira za kumeneko ziri ndi zitsa zobisika m'udzu.