"Ndikuvomera, koma..."

Kubwalo la majisitireti mlandu umatha kugamulidwa munthu asanapume n'komwe. Mlandu wawerengedwa m'Chingerezi, womasulira waunena m'Chichewa, woimbidwa mlandu wayankha kuti, "Ndikuvomera." Loya alibe. Wagona m'chitokosi, ndipo anzake a mmenemo amunong'oneza kuti kukana n'kudzichulukitsira masiku pa rimandi.

Tiyerekeze bambo amene watenga mbuzi ya mnansi wake chifukwa cha ngongole yomwe yagonera chaka. Iye akamavomera, akutanthauza kuti mbuziyo anaitengadi. Sakudziwa kuti pamalamulo, wotenga chinthu akukhulupirira moona mtima kuti chili choyenera kukhala chake akhoza kusapezeka wakuba. Ndiye akawonjezera kuti, "koma anali nane ngongole," ka "koma" kameneko ndi mlandu wonse.

Lamulo lathu silinagone pamenepa. Gawo 251 la Criminal Procedure and Evidence Code limalamula khoti kuti lisanalembe zoti munthu wavomera, litsimikize kuti akumvetsa chimene akuvomeracho ndi zotsatira zake, ndiponso kuti akuvomera popanda kupatulapo kanthu. Woimira boma, yemwe kawirikawiri amakhala wapolisi, amafotokoza mmene zinachitikira, woimbidwa mlandu n'kufunsidwa ngati zili choncho. Akatsutsapo mfundo yaikulu, majisitireti ayenera kulemba kuti wakana. Ine ndimaona kuti apa m'pamene woweruza ayenera kudekha kwambiri, ngakhale mafayilo atamuunjikira pa tebulo, chifukwa wovomera mlandu khomo la apilo limamuchepera: nthawi zambiri amangotha kudandaula za chilango.

Milandu ya vakabu inationetsa kuipa kwa changu chotere. Anthu ogwidwa usiku ankangovomera, kulipira faindi, n'kumapita kwawo ali ndi mbiri ya upandu. Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre, sanatero. Iye anatsutsa lamulo lenilenilo, ndipo mu Januwale 2017 bwalo lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, lokhudza vakabu, likusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko lino.

Gwanda anali ndi maloya kumbuyo kwake. Anthu wamba ambiri amadalira Legal Aid Bureau, yomwe maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi milandu, kapena maparaligo a bungwe la PASI, amene anayamba kulowa m'ndende m'chaka cha 2000 kukaphunzitsa a pa rimandi za belo ndi tanthauzo la kuvomera. Kumene iwowa sanafike, mlandu wa mbuzi uja watsala m'manja mwa majisitireti ndi womasulira, ngati amva ka "koma" kaja.