Ulaliki ndi Nkhani ya Kafukufuku: Zoyenera Kudziŵa Tisanatumize Zolemba Zathu kwa Mkonzi

Palibe sabata imene imatha wansembe wa pa parishi osagwira cholembera. Amakonza ulaliki wa Lamulungu, amalemba maina m'mabuku a ubatizo ndi a maukwati, amayankha makalata ochokera ku likulu la dayosizi. Nawonso aseminale a ku Kachebere ndi a ku St Peter's ku Zomba satsiriza maphunziro awo osalemba zimangirizo zazitali. Komabe zambiri mwa zolembazi zimathera m'kabati, momwe chiswe ndi chinyontho zimazidikirira, ndipo nzoŵerengeka zokha zimene zimafika m'magazini a akatswiri, mmene anthu ophunzira za mbiri, zilankhulo, chikhalidwe ndi chipembedzo amaŵerengerana ndi kutsutsana. Bambo J. W. M. van Breugel, a chipani cha White Fathers, anafufuza za chipembedzo cha makolo a Acheŵa m'zaka za m'ma 1970, koma buku lawo, Chewa Traditional Religion, linadzasindikizidwa ndi a Kachere Series mu 2001. Ngati ntchito yakupsa chotere inadikira zaka zoposa 20, nanji zolemba zathu zimene sitinazisonyezepo munthu!

Magazini otere alipo, ndipo ena ndi akale ndithu. The Society of Malawi Journal inayamba mu 1948 ndi dzina loti The Nyasaland Journal, nisintha dzina mu 1965. Journal of Humanities ya pa University of Malawi ku Zomba inayamba mu 1987, chaka chomwenso inayamba Religion in Malawi, imene Bambo Joseph Chakanza anakhala mkonzi wake. Kunja kwa dziko lino kuli AFER, imene inayambira ku Uganda mu 1959 nidzasamukira ku Eldoret m'dziko la Kenya. Msonkhano Wachiŵiri wa Vatican, m'ndime 22 ya chikalata cha Ad Gentes, unalimbikitsa kuti maphunziro a zaumulungu azichitika mozama m'chigawo chilichonse cha chikhalidwe cha anthu. Choncho wansembe amene afufuza ndi kulemba sanasiye ntchito yake.

Chimene chimatigwetsa kaŵirikaŵiri ndi luso lomwe tinaphunzitsidwa bwino koposa, la ulaliki. Mlaliki amaima pa choonadi chimene iye ndi omvera ake anachilandira kale, ndipo cholinga chake ndi kutembenuza mtima. Wolemba nkhani ya kafukufuku amalankhula kwa munthu amene sanavomere kanthu, amene mwina si Mkhristu nkomwe, ndipo pa chiganizo chilichonse akufunsa kuti, "Mwadziŵa bwanji?" Pa gome tingathe kunena kuti mabanja a m'tauni akutha chifukwa cha kukonda chuma, anthu nkugwedeza mitu. Mawu omwewo tikawatumiza kwa mkonzi, adzafuna kudziŵa kuti ndi mabanja angati, a dera liti, m'zaka ziti, ndiponso ngati mabanja a kumudzi sakutha chimodzimodzi.

Nchifukwa chake nkhani yabwino imayamba ndi funso limodzi, laling'ono ndi lotheka kuliyankha. "Chikhristu ndi chikhalidwe cha Amalaŵi" ndi mutu wa mabuku 10, ndipo wophunzira amene ausankha amangobwereza zimene ena ananena. Tiyeni titenge chitsanzo cha mzinda wa Lilongwe. Ambuye Patrick Kalilombe anakhala Episkopi wa Lilongwe mu 1972, ndipo sinodi ya dayosizi imene anaitanitsa, kuyambira 1973 mpaka 1975, ndiyo inazika miphakati ngati maziko a moyo wa Eklezia. M'zaka zomwezo mzinda watsopano unali kumangidwa, ndipo mu 1975 likulu la dziko linachoka ku Zomba kudza ku Lilongwe. Mphakati wa kumudzi umasonkhanitsa anthu odziŵana kuyambira ubwana, otunga madzi pa chitsime chimodzi. Nanga mphakati wa ku Area 10, Area 12 kapena Area 43, kumene nyumba zili m'mipanda ya njerwa, ndipo kuti uloŵe uyenera kugogoda pa geti ndi kudikira mlonda, umayenda bwanji? Mwini nyumba amene amagwira ntchito ku Capital Hill akakhala mumphakati umodzi ndi mayi womuphikira ndi mnyamata womusamalira maluŵa, ndani amasankhidwa kukhala wapampando, ndani amatsogolera pemphero, ndipo zopereka amazigaŵana motani? Limeneli ndi funso limene wansembe angathe kuliyankha m'chaka chimodzi, poyendera miphakati 4 kapena 5, kuŵerenga mabuku a zokambirana zawo ndi kucheza ndi mamembala.

Mafunso ena ali pafupi pomwepa. Mabuku a maliro a pa parishi angatiuze chaka ndi chaka kuti ndi akhristu angati anaikidwa ku manda a ku Area 18 ndi angati ananyamulidwa kupita kwawo kumudzi, ndipo kusintha kwa chiŵerengerocho kungasonyeze nthaŵi imene anthu anayamba kuona mzindawu ngati kwawo. Ku Old Town, kumene mzikiti, msika, depoti ya mabasi ndi masitolo a mumsewu wa Malangalanga zimasakaniza anthu a zipembedzo zosiyana, mabuku a maukwati a tchalitchi cha Maula ali ndi mbiri ya maukwati a pakati pa Akatolika ndi a mipingo ina. Katswiri wochokera ku London kapena ku Leiden angafunike miyezi yambiri kuti aloledwe kuona zimene ife timazitsegula tsiku lililonse.

Funso likapezeka, chotsatira ndi kuŵerenga zimene ena analemba kale, pakuti safunsa anadya phula. Wolemba za miphakati ya ku Lilongwe osatchula buku la Ambuye Kalilombe la mu 1999, Doing Theology at the Grassroots, kapena wolemba za Akatolika ndi nyau osadziŵa buku la Ian Linden la mu 1974, Catholics, Peasants and Chewa Resistance in Nyasaland, amadziulula yekha pa tsamba loyamba. Likulu la National Library Service lili ku City Centre. Zikalata zakale za boma zili ku National Archives ku Zomba. Magazini ambiri a mu Africa amapezeka pa intaneti kudzera ku African Journals Online, ndipo makope akale a Society of Malawi Journal ali pa JSTOR. Cholinga cha kuŵerengaku ndi chakuti tithe kunena m'ndime imodzi kuti: akuti ananena chakuti, akuti anawatsutsa motere, koma mbali iyi palibe anaiyang'ana. Mndandanda wautali wa maina a mabuku amene sitinawatsegule suthandiza, ndipo makina a pa kompyuta amene amalembera anthu nkhani amadziŵika kuti amapeka mabuku amene sanalembedwepo. Wounika akapeza limodzi lotere, sakhulupiriranso china chilichonse.

Pa nkhani ya umboni tifuna kukhalitsa pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ife olankhula Chicheŵa tili ndi mwayi umene timautaya. Magazini ambiri amasindikiza m'Chingerezi, ndipo chiyeso chimakhala chakuti timasulire zonse zimene anthu anatiuza, mawu awo enieni nkuwataya. Koma mawu ngati mdulo, tsempho, kusasa fumbi kapena mzimu alibe anzawo ofanana nawo ndendende m'Chingerezi. Tikalemba kuti mdulo ndi matenda chabe, tabisa mwambo wonse wa kutentha ndi kuzizira, wa mchere ndi wa kudziletsa kwa m'banja, umene umapatsa liwulo tanthauzo. Tikamasulira Chauta, Mphambe, Namalenga ndi Chisumphi ndi liwu limodzi lomwelo, woŵerenga sadzadziŵa kuti nkhalamba imene tinacheza nayo inasankha dzina liti ndi pa nthaŵi yotani. Bambo Matthew Schoffeleers, a chipani cha Montfort, amene anafufuza za M'bona ku Nsanje, anaika m'buku lawo la mu 1992, River of Blood, nthano za M'bona monga anazilandira kwa ozisimba osiyanasiyana, kuti woŵerenga aziyerekeze yekha ndi kuona pamene zikusiyana. Njira yake ndi imeneyo: mawu a mwini aikidwe monga anawanenera, kumasulira kutsatire, ndipo malo ndi tsiku la kucheza zilembedwe. Potero munthu wina wodziŵa chilankhulo angathe kutitsutsa, ndipo nkhani imene singatsutsike mwa njira iliyonse akatswiri saiŵerengera.

Koma mwayi wa wansembe uli ndi malire ake olimba. Zimene tamva m'sakramenti la kulapa sizingaloŵe m'nkhani mwa njira iliyonse, ngakhale titasintha dzina, mudzi ndi chaka. Malamulo a Eklezia a mu 1983, pa kanoni 983 ndi 984, amaletsa kuulula wolapa ndiponso kugwiritsa ntchito zimene tazidziŵira kumeneko momupweteka. Kanoni 220 imateteza mbiri yabwino ya munthu ndi zinsinsi za moyo wake, ndipo imakhudza milandu ya maukwati ndi zonse zimene akhristu amatiuza ku ofesi. Mayi amene anabwera kudzadandaula za mwamuna wake anabwera kwa mbusa wake. Sanavomere kukhala chitsanzo m'magazini. Ndipo tikumbuke kuti mkhristu amavutika kukana pempho la bambo mfumu wake, choncho tiyenera kumufotokozera momveka kuti tikufufuza, kuti zidzasindikizidwa, ndi kuti akakana palibe chimene chidzasinthe pakati pathu. M'dera la nyumba zoŵerengeka ngati Area 12, kungonena kuti "mkulu wina wopuma ntchito ya boma amene mkazi wake ndi namwino" nkumutchula dzina kumene. Kafukufuku wokhudza anthu amoyo amafunanso chilolezo cha komiti yoona za umunthu pa kafukufuku, kaya ya pa yunivesite kaya ya pansi pa National Commission for Science and Technology, imene ili ku Lilongwe konkuno, ndipo chilolezocho chimapemphedwa kucheza ndi anthu kusanayambe.

Za kakonzedwe ka pepala sitichulutsa mawu. Magazini iliyonse ili ndi malangizo ake kwa olemba, ndipo ayenera kutsatidwa monga alili: kutalika kwa nkhani, kumene m'magazini ambiri kumakhala pakati pa mawu 6,000 ndi 8,000, chidule cha mawu 150 mpaka 250 chonena funso, njira ndi zimene zapezeka, ndi kalembedwe ka maumboni, kaya ka Chicago, APA kapena MLA. Nkwanzeru kuŵerenga makope aŵiri kapena atatu a magaziniyo tisanatumize, kuti tione ngati nkhani yathu ili ya kumeneko. Dzina la wolemba limaikidwa pa tsamba lapadera, ndipo nkhani imodzi situmizidwa ku magazini aŵiri nthaŵi imodzi.

Mkonzi akailandira, angathe kuibweza msanga ngati siyogwirizana ndi magazini yake. Akaiona kuti ili ndi mutu, amaitumiza kwa akatswiri, kaŵirikaŵiri aŵiri, amene sauzidwa dzina la wolemba, ndipo wolembayo sauzidwa maina awo. Pamapita miyezi. Yankho limakhala lakuti nkhani yalandiridwa, kapena ikonzedwe pang'ono, kapena ikonzedwe kwambiri ndi kutumizidwanso, kapena yakanidwa. Kulandiridwa popanda chokonza nkosoŵa ngakhale kwa aphunzitsi akuluakulu. Kwa munthu wozoloŵera kumva "Zikomo Bambo" pa khomo la tchalitchi, masamba atatu a zolakwa zake, olembedwa ndi munthu wosaoneka nkhope, amaŵaŵa. Koma chinsinsi chimenechi ndicho chimachititsa kuti nkhani ya mseminale wa chaka chachitatu iyesedwe ndi muyeso womwewo ndi ya monsinyolo. Pobweza nkhani yokonzedwa, timalemba kalata yoyankha mfundo iliyonse payokha: apa tasintha motere, pa tsamba lakuti, apa sitinasinthe, pa chifukwa chakuti. Wounika naye amalakwa, makamaka pa zinthu za kuno kwathu zimene sanazione, ndipo kumutsutsa mwaulemu ndi umboni nkololedwa.

Kuchedwa kumeneku ndiko kumakankhira ena kwa magazini achinyengo, amene amatumiza makalata a pa intaneti otitamanda ndi kulonjeza kusindikiza m'masabata aŵiri tikalipira madola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Jeffrey Beall, woyang'anira mabuku pa University of Colorado Denver, ankasunga mndandanda wa magazini otere mpaka mu 2017 pamene anautseka. Kulipiritsa pakokha si chizindikiro cha chinyengo, pakuti magazini ena oona amalipiritsa kuti nkhani ziŵerengedwe mwaulere. Chizindikiro ndi kusoŵa kwa kuunika. Nkhani ikatuluka kumeneko, magazini enieni sangailandirenso.

Ena amafunsa za chilolezo cha akuluakulu a Eklezia. Kanoni 218 imapatsa ophunzira zaumulungu ufulu woyenera wa kufufuza ndi kunena maganizo awo mwanzeru, posunga ulemu kwa aphunzitsi a Eklezia. Kanoni 831 imafuna chilolezo cha Episkopi pamene wansembe alemba m'nyuzipepala kapena magazini ozoloŵera kunyoza chikhulupiriro cha Chikatolika, ndipo a m'zipani ali ndi lamulo lawo pa kanoni 832. Ngakhale pamene lamulo silikakamiza, wogwiritsa ntchito mabuku a parishi apemphe kwa Ambuye Episkopi, chifukwa mabukuwo si ake.

Nkhani ikalandiridwa, mkonzi amatumiza masamba oyeserera kuti wolemba awaone komaliza, ndipo nthaŵi yake imakhala masiku oŵerengeka. Pamenepo si posinthiranso maganizo, koma poyang'anitsitsa zaka, manambala a masamba ndi maina a malo. Makamaka tiyang'ane mawu a Chicheŵa limodzi ndi limodzi, pakuti osindikiza osadziŵa chilankhulo chathu amachotsa kadenga ka pa ŵ, amataya kachizindikiro ka mu ng'ombe ndi M'bona, ndipo kompyuta imasandutsa mawu athu kukhala a Chingerezi ofanana nawo popanda wina kuzindikira.