BAUTI YOKANA KUMASUKA PA MABULEKI

Tsiku Loweruka masana, m'makomboni a ku Kitwe, ku Mufulira kapena ku Chingola, kawiri-kawiri pamaoneka galimoto itakwezedwa pabwalo la nyumba, gudumu limodzi litacotsedwa, mwini wace atagwada pambali. Munthuyo wamva mabuleki ali kulira, wagula mapadi atsopano, ndipo mumtima mwace ayesa kuti nchito idzatha dzuwa lisanalowe. Bauti yoyamba imasuka bwino. Pa yaciwiri sipanala iterereka. Akokanso ndi mphamvu, itererekanso. Poyang'ana apeza kuti mutu wa bauti watha ngondya zace zonse, wakhala wobulungira ngati ndalama. Nchito ya ola limodzi yasanduka ya masiku atatu, ndipo Lolemba m'mawa munthuyo apita ku shifiti wapansi.

Mabauti ambiri amene aonongeka cotere aonongeka ndi phuma la womasula. Pali njira zomasulira bauti yadzimbiri, ndipo njirazo zitsatana, kuyambira yofatsa kufikira yaukali. Munthu wolumpha njira zoyamba ndiye athyola bauti. Paja akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Poyamba kuyenera kudziwa cimene cigwira bautiyo. Dzimbiri ndilo citsulo cimene cadyedwa ndi madzi pamodzi ndi mpweya. Citsulo cikasanduka dzimbiri cimatupa, nicifuna malo akulu kuposa kale. Tsono kampata kamene kali pakati pa mazinga a bauti ndi mazinga a dzenje lace kamadzala ndithu, ndipo zitsulo ziwirizo zikhala monga cimodzi. Mabuleki ali pansi penipeni pa galimoto. Kuyambira Novembala kufikira Epulo asamba matope, ndipo tsiku ndi tsiku atentha nazizira. Galimoto zambiri zogulidwa zitagwira kale nchito ku Britain kapena kumpoto kwa Japan zifika ndi dzimbiri lacikhalire, cifukwa kumeneko amathira mcere m'miseu kuti usungunule madzi oundana m'nyengo yacisanu, ndipo mcere ufulumizitsa dzimbiri.

Asanakoke bauti iriyonse, mwini galimoto ayambe waganiza za moyo wace. Jeke ndi wokwezera cabe. Bauti yolimba ifuna kukoka kwamphamvu, ndipo kukokako kungathe kugwetsa galimoto pa jeke. Galimoto ikhale pa zoimikira zacitsulo, pa nthaka yolimba ndi yosalala, magudumu otsalawo atachingidwa. Njerwa zimaphwanyika mosacenjeza. Ndiponso fumbi la mabuleki lipukutidwe ndi nsanza yonyowa, lisauziridwe ndi pakamwa kapena ndi pampu, pakuti mabuleki ena akale ali ndi asbestos. Anthu a m'migodi adziwa bwino lomwe cimene fumbi licita m'mapapo.

Cinthu caciwiri ndico sipanala yoyenera. Mabauti a galimoto za ku Japan ali ndi mitu ya mamilimita 8, 10, 12, 14 ndi 17. A galimoto za ku Ulaya kawiri-kawiri ali ndi 13. Ndipo Land Rover zakale zili ndi mabauti oyesedwa m'mainchi. Sipanala ya 9/16 ya inchi ikula pang'ono kuposa mamilimita 14. Pa mutu wa 14 ilowa bwino, koma igwedera pang'ono, ndipo kugwederako ndiko kumene kudya ngondya. Sipanala yotseguka kukamwa igwira mbali ziwiri zokha za mutu, niyasama ikakokedwa kwambiri. Soketi ya ngondya 12 igwira pafupi ndi nsonga za mutu. Yabwino koposa ndi soketi ya ngondya 6, imene igwira mbali zonse. Mutu wa bauti uyambe wapalidwa ndi burashi ya waya, ndipo soketi ilowe kufikira pansi, ngakhale poikhoma pang'ono ndi nyundo.

Atapala dzimbiri, munthu athire mafuta opyapyala olowerera m'mazinga, amene agulidwa m'zitini zopopera. Ngati palibe, ngakhale parafini athandiza. Mafutawo afuna nthawi. Wanzeru athira Lacisanu madzulo, nathiranso m'mawa, nayamba nchito masana. Asamale kuti mafuta asagwere pa mapadi kapena pa mbale imene mapadi agwirapo. Pambuyo pace amenye mutu wa bauti ndi nyundo kangapo, molunjika, kuti dzimbiri lisweke m'kati.

Pokoka, ayambe watsimikiza mbali yomasulira. Mabauti a kalipa, ndico citsulo cimene cipana mapadi, alowera kumbuyo kwa gudumu, mitu yao itayang'ana m'kati mwa galimoto. Munthu wokhala kunja aiona cambuyo, ndipo ambiri amanga bauti ali kuyesa kuti ali kumasula. Kukoka kukhale kwa pang'ono-pang'ono, dzanja lina litagwira soketi kuti isapendeke. Sipanala ya masentimita 30 ikalumikizidwa ndi paipi kufikira masentimita 60, mphamvu yace yopotokola ikula kawiri. Koma mphamvu yomweyo ndiyo ingathe kudula bauti. Bauti ikangoyenda pang'ono, aibweze, athire mafuta, aimasulenso, cotero-cotero kufikira itatuluka.

Njira zimenezi zikalephera, ndipo pafika moto. Citsulo cozungulira bauti cikatentha cimafutukuka, ndipo dzimbiri lisweka. Koma pa mabuleki moto ndi mlendo woopsya. Pafupi pali mapaipi a mphira ndi timphira ta m'kati mwa kalipa; mafuta a mabuleki amayaka; ndipo kumbuyo kwa galimoto kuli tanki ya petulo. Mankhwala ena opopera otsukira mabuleki akakomana ndi lawi atulutsa mpweya wochedwa phosgene, umene unapha asilikali ambiri pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918. Cifukwa cace, ngati nkotheka, citsuloco cicotsedwe pa galimoto cisanatenthedwe, mafuta ndi mankhwala onse atapukutidwa, ndipo bauti imene yalawa moto itayidwe.

Nanga mutu ukatha ngondya? Apa womasula aleke pomwepo, pakuti kuterereka kulikonse kudya citsulo cina. Angathe kukhomerapo soketi yocepa pang'ono, monga ya 13 pa mutu umene unali wa 14. Kuli masoketi ena a mano opotoka m'kati, amene aluma kwambiri pamene ali kukokedwa. Angathenso kupala mbali ziwiri za mutu ndi tupa kuti sipanala yaing'ono kapena pulayasi yokhoma igwire. Njira imene amakanika aikonda ndiyo kuocherera nati yatsopano pamwamba pa mutu wakuthawo: natiyo ipatsa sipanala pogwira, ndipo kutentha kwa kuocherera kuthandiza kuswa dzimbiri.

Bauti ikaduka m'kati, nchito yakula. Pafunika kudinda kacizindikiro pakati penipeni pa cidutswa cotsalaco, ndi kuboola molunjika, poyamba ndi kacoboolera kakang'ono, pambuyo pace cokulirapo. Zoboolera zozungulira camanzere nthawi zina zitulutsa cidutswaco zili kuboola. Kulinso kacitsulo ka mazinga amanzere kamene kalowetsedwa m'dzenje lobooledwalo kuti kazule cidutswa. Koma kacitsuloko nkouma kwambiri, kamathyoka msanga, ndipo kakathyokera m'kati coboolera wamba sicingakadye. Pamenepa ndi pamene munthu wosazolowera ayenera kunyamula citsuloco ndi kupita naco kwa makanika. Kulipira wodziwa kucepa mtengo kuposa kugula kalipa yatsopano.

Pali tinthu tiwiri tofuna dzanja lofewa koposa. Koyamba ndi kabauti kotulutsira mpweya m'mabuleki, kamene amakanika akacha nipo. Kabautiko kali ndi dzenje m'kati monga bango, ndipo sikapirira paipi yotalikitsira. Kaciwiri ndi nati yomanga paipi ya mafuta a mabuleki. Iyo ili ndi sipanala yaceyace, yong'ambika pang'ono kuti paipi ipitepo, koma yogwira pafupifupi mbali zonse. Ngati nati yamamatira ku paipi, paipiyo ipotoka pamodzi nayo. Paipi yopotoka icotsedwe, isaongoledwe.

Pobwezera zinthu m'malo mwace, bauti yoonongeka isabwererepo. Pa mutu wa bauti yolimba palembedwa nambala, monga 8.8 kapena 10.9, yonena mphamvu yace. Bauti ya 4.6 ioneka cimodzimodzi ndi ya 8.8, koma mphamvu yace ndi theka cabe. Yatsopano ikhale ya nambala yomweyo, utali womwewo ndi mazinga omwewo. Iyambe kulowa ndi zala. Ikakana, mazinga a dzenje ayeretsedwe, isakakamizidwe ndi sipanala. Kumanga kutsate muyeso umene uli m'buku la galimotoyo, pakuti bauti yomangidwa mopitirira lero ndiyo idzavuta caka camawa. Ngati mazinga a dzenje athothoka, makanika angathe kuikamo mazinga atsopano. Waya kapena bauti yokhomera sizimanga mabuleki.

Potsiriza, galimoto isanayende, mwini wace aponde buleki kangapo kufikira italimba, cifukwa mapadi atsopano sagwira pa kuponda koyamba. Ngati paipi kapena nipo inamasulidwa, mpweya utulutsidwe ndi mafuta aonjezedwe. Ayese mabuleki pang'ono-pang'ono pamalo opanda anthu asanatulukire ku mseu waukulu wa ku Ndola. Galimoto yofa injini ingokhala pabwalo ndi kudikira tsiku la malipiro. Koma ya mabuleki omangidwa mwacinyengo iyenda ndithu, itanyamula mkazi ndi ana, m'miseu momwe ana a anansi ali kusewera.