MAKIYI A M'KATI MWA KOMPYUTA

Munthu wa ku Chadiza, ngakhale agwire nchito ku migodi ya ku Kitwe, saiwala mwambo wa kwao: mwini nkhokwe ndiye atapa cimanga, a pa banja angayang'anemo, koma mlendo aima patali. Mwambo womwewu ulinso m'kompyuta, m'mene makalata asungidwa m'mafaelo, ndipo mafaelo asungidwa m'mafoda.

Makonzedwe amenewa anacokera ku Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kupanga ku Bell Labs, ku America, m'caka ca 1969. Linux, imene inaturuka mu 1991, itsata njira yomweyo.

Faelo iriyonse igawa anthu patatu: mwini wace, gulu lace, ndi ena onse. Zilolezo nazonso ziri zitatu, ciriconse ndi nambala yace. Kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, kuyendetsa pulogalamu ndi 1. Nambalazi ziphatikizidwa.

Mwacitsanzo, kalaliki wa pa cipatala ca ku Chadiza asunga faelo ya maina a odwala. Akalamula kompyuta ndi mau akuti chmod 640, iye mwini alandira 6, ndiko kuwerenga ndi kulemba. Gulu la anamwino lilandira 4, kuwerenga kokha. Ena onse alandira 0. Koma akalemba 777 pofuna kufulumira, watsegulira ali yense wolowa m'kompyutayo.

Foda iri ndi msampha wace. Pa foda, 4 ndiko kuona maina a mafaelo, 1 ndiko kulowamo, ndipo 2 ndiko kuikamo kapena kucotsamo faelo. Cotero munthu wololedwa kulowa ndi kulemba m'foda akhoza kufafaniza faelo imene saloledwa ngakhale kuiwerenga. Kukhoma bokosi m'nyumba yosatseka sikuletsa mbala kunyamula bokosilo.

Pamwamba pa onse pali kapitao wochedwa root, amene palibe citseko comkaniza. Mau ace acinsinsi sayenera kubwerekedwa.

Nkhaniyi si ya akalaliki okha. M'caka ca 2021 Zambia inakhazikitsa lamulo la Data Protection Act, limene liika za matenda a munthu pakati pa zinsinsi zofunika kusungidwa kolimba. Dzina la wodwala likangomveka pa msika, silibwereranso m'faelo. Cifukwa cace kalaliki wanzeru apatsa munthu ali yense cilolezo cokwanira nchito yace, osapitirirapo.