Timayambira pa kapu ya madzi

Amayi ambiri amafika kwa ine atazungulira kale kwa asing'anga, mbuzi itapita, achibale atagamula kuti mwanayo wina anamukhwimira. Mwana wa zaka zinayi, sayankhula, ukamuitana satembenuka chonsecho makutu ali bwinobwino, chigayo chikalira amatseka makutu n'kuyamba kukuwa. Mayi akakhala pansi amafunsa motsitsa mawu: "Adokotala, ndinalakwa chiyani?"

Simunalakwe, mayi. Autism ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka ana ena, ndipo gwero lake lalikulu ndi chibadwa. Dokotala wa ku Baltimore, Leo Kanner, anafotokoza za vutoli mu 1943 ataona ana 11, ndipo ana otere aliko ku London monga aliri ku Ntchisi. Katemera wa kusikelo sayambitsa zimenezi, musaleke kubayitsa ana.

Mankhwala ochiza autism kulibe, ndipo ndimanena mosabisa ngakhale zimawawa. Mwana akakhala ndi khunyu, khunyulo ndiye lili ndi mankhwala kuchipatala.

Ntchito yanga ndi kuphunzitsa ana maluso a tsiku ndi tsiku, ndipo timayambira pa kapu. Mwana amene sangathe kunena kuti ali ndi ludzu amatha kumenyetsa mutu kukhoma, anthu n'kumati wapenga. Timamugwira dzanja aloze kapu, kapena apereke chithunzi cha kapu kwa mayi ake, madzi n'kubwera pompo. Lero, mawa, mkuja, mpaka azindikire kuti akaloza amamveka. Kukuwa kuja kumayamba kuchepa. Kenako timalowa za chimbudzi ndi tulo. Kusamba, phala ndi kugona zizichitika nthawi yofanana masiku onse, chifukwa mwanayu mtima umakhala pansi akadziwa chimene chikubwera. Ena amadzayankhula, ena ayi, koma sindinaonepo amene sanaphunzire kanthu.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi mayiyo. Geni anasiya, kutchalitchi sapita, ngakhale maliro a pamudzi amamudutsa poti alibe womusiyira mwana. Mayi wotopa chotere sangaphunzitse za kapu, ngakhale ndimulangize bwanji.

Ndiye inu abambo ake, agogo, azakhali, mutengeni mwanayo maola awiri okha Loweruka, mayi akapume. Ndipo mukaona zizindikirozi uzani alangizi a zaumoyo akulozereni kuchipatala. A kumpoto, ku St John of God ku Mzuzu amathandiza ana otere.